Zikumbu, Akadziwotche ndi Mbiri ya Phiri la Dedza

Mukafunsa munthu wa ku Dedza kuti akuuzeni mbiri ya kwawo, amayamba ndi mafumu. Atchula Kachindamoto, Kachere, Kasumbu, Kaphuka, Tambala. Akamba za Angoni a Maseko amene anakhala ku Domwe, za ansembe amene anatsegula mishoni ya Mua mu 1902, mwinanso afika pa zojambula za m'mapanga a Chongoni zimene UNESCO inaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zonsezo ndi mbiri ndithu. Koma phiri limene laima pamwamba pa tauniyo, lotalika mamita 2,198 kuchokera pa nyanja yamchere, lili ndi eni ake ena amene sitiwawerengera. Anafika Akafula asanajambule mwala ngakhale umodzi. Ndi zikumbu ndi agulugufe a usiku, aja timawatchula kuti akadziwotche.

Musawaderere. Akatswiri a sayansi analemba kale mitundu ya zikumbu pafupifupi 400,000 pa dziko lonse, ndiye kuti pa mitundu inayi iliyonse ya zamoyo zoyenda imene ili ndi dzina, umodzi ndi chikumbu. Agulugufe a usiku nawo alipo mitundu pafupifupi 160,000, pamene agulugufe a masana aja timawasirira safika ndi pa 20,000 pomwe. Tikati tione zimene zachitika pa Phiri la Dedza m'zaka 150 zapitazi, tizilombo timeneti ndi mboni zabwino, chifukwa chilichonse chimene munthu wachita pa phiripo, kaya ndi moto, nkhwangwa, paini kapena thumba la chimanga, chinayamba kumveka kwa ito.

Nkhalango ziwiri pa phiri limodzi

Phiri la Dedza silinali ndi nkhalango imodzi. M'munsi ndi m'mbali munali tchire la mitengo yachilengedwe imene imayoyola masamba m'chilimwe: mombo, tsamba, mtondo, msuku. Pamwamba, m'zigwa momwe nkhungu imagona, munali nkhalango yobiriwira chaka chonse, yamdima ndi yachinyezi, ndipo zigawo zake zina zikadalipo. Pakati pake panali udzu ndi miyala.

Nkhalango ziwirizi zili ndi nzika zosiyana. Ya pamwambayo ili ngati chilumba. Kachikumbu kozolowera kukhala m'masamba owola, mozizira, sikangatsike phiri n'kudutsa minda yotentha kupita ku Chongoni kapena ku Dzalanyama. M'mapiri ambiri a mu Africa muno tizikumbu totere tinafika potaya mapiko, ndipo phiri lililonse limakhala ndi mtundu wakewake. Ndiye taganizani: kachigwa kamodzi kakapsa mpaka pansi, pamakhala mtundu wina umene ulibe kothawira.

Ntchito yawo ndi yosaoneka koma ndi yaikulu. Mtengo ukagwa, mphutsi za zikumbu zimauboola, bowa amalowa m'mabowomo, ndipo pakapita zaka chipika chija chimasanduka dothi. Dothi lofewalo ndi limene limamwa mvula n'kumaitulutsa pang'onopang'ono m'akasupe. Munthu wotunga madzi m'munsi mwa phiri mu Okutobala ali ndi ngongole kwa kachilombo kamene sanakaonepo.

Ndiwo zogwa mumtengo

Makolo athu sankaphunzira tizilombo chifukwa cha mayeso. Ankatiphunzira chifukwa cha mphika. Mphalabungu, matondo, kawichi, mabwabwa: mayina onsewa ndi a mbozi zodyedwa, ndipo mbozi iliyonse ndi mwana wa gulugufe wa usiku. Ambiri a ife tinadyapo mwanayo koma make sitimudziwa, eti? Pali ngakhale chikumbu chonyezimira chotchedwa nkhumbutera, chimene ana ankagwedeza m'mitengo n'kukazinga.

Moyo wa mbozi zazikuluzi umayenda chonchi. Gulugufe wamkazi amatuluka m'dothi nthawi imene mitengo ikuphukira masamba ofiira aja, mvula isanagwe kapena itangoyamba. Alibe kamwa yodyera, choncho amakhala masiku ochepa chabe, akudalira mafuta amene anasunga ali mbozi. Usiku amatulutsa fungo, ndipo wamwamuna amalinunkhiza ndi tinyanga take tonga nthenga ali kutali. Akakumana, wamkazi amaikira mazira pa masamba, basi ntchito yake yatha. Mbozi zimadya kwa milungu ingapo, zikufundula khungu pamene zikukula, kenako zimatsika mumtengo n'kulowa m'dothi. M'menemo zimagona miyezi yambiri kudikira chaka china.

Apa m'pamene pamalowa moto. Moto wa mu Juni kapena Julayi, udzu usanaumitsitse, umangodutsa pamwamba, ndipo zogona m'dothi zija sizimva kanthu. Koma moto wa mu Okutobala, uja wa osaka mbewa mochedwa, umapeza mazira ali pa masamba ndi timbozi titangoswa. Chaka chimenecho ndiwo kulibe. N'chifukwa chake kuotcha tchire sinali nkhani ya mwana aliyense wokhala ndi machesi. Inali nkhani ya akuluakulu, yokhala ndi nthawi yake ndi mwambo wake.

Nthano ya Achewa ya ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama kumadzulo kwa Dedza, imati poyamba Chauta, anthu ndi nyama ankakhala limodzi mwamtendere. Tsiku lina munthu anapekesa timitengo tiwiri, moto unabuka, tchire linapsa, nyama zinathawa zili ndi mkwiyo, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Anthu amene anasunga nthano imeneyi ankadziwa bwino zimene moto umachita kwa zamoyo za m'tchire.

Umboni wa masiku ano unachokera ku Kasungu. Mu 1990 a nkhalango yosungirako nyama ya Kasungu analola mabanja a m'midzi yozungulira kulowa kukatola mbozi, patapita zaka zambiri akuletsedwa. Ofufuza amene anatsatira ntchitoyi anapeza kuti mbozi zinkachuluka m'malo ootchedwa msanga, kuposa m'malo ootchedwa mochedwa. Zimene agogo ankadziwa zinalowa m'buku.

Anthu a maukonde ndi mapini

Azungu oyamba kufika m'dziko muno anabwera ndi mfuti, Baibulo ndi mabokosi a tizilombo. John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi kuyambira 1858, ankatola zomera ndi zamoyo n'kumazitumiza ku Britain. Mu 1864 chikumbu china chachikulu cha mtundu wa Goliathus, cha mizere yoyera ndi yakuda, chinapatsidwa dzina loti kirkianus pomulemekeza iye. Chikumbu cha kuno, dzina la munthu wa ku Scotland.

Harry Johnston atakhazikitsa boma la atsamunda mu 1891 anabwera ndi Alexander Whyte, amene ntchito yake inali kutola zomera ndi nyama. Ndi Whyte yemweyo amene dzina lake lili pa mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei. Buku la Johnston la 1897, British Central Africa, lili ndi mindandanda ya tizilombo ta m'dziko muno. Patapita zaka, cha m'ma 1910 mpaka 1913, Sheffield Neave anayendayenda kuno akutola tizilombo, makamaka toluma anthu ndi ziweto, ndipo anakhalitsa ku Mulanje. Pambuyo pake boma linkalemba katswiri wakewake wa tizilombo, monga Colin Smee, koma maso ake anali pa thonje, fodya ndi tiyi, mbewu zobweretsa ndalama.

Pali zinthu ziwiri zoti tione pamenepa. Choyamba, likulu linali ku Zomba, minda ya azungu inali ku Mulanje ndi ku Thyolo, choncho maukonde ambiri anagwira ntchito kumwera. Mapiri a m'chigawo chapakati ankangodutsidwa. Chachiwiri, amene ankakwera mitengo, kufukula zipika ndi kunyamula mabokosi anali anthu akuda, eni dziko, amene ankadziwa kuti mbozi yakuti imapezeka mumtengo wakuti mwezi wakuti. Pa timapepala tomata pansi pa kachilombo kobayidwa ndi pini pamalembedwa malo, tsiku ndi dzina la bwana. Dzina la wokwera mtengo silinalembedwe. Ndipo tizilombo timene tinagwiritsidwa ntchito popereka mayina a sayansi, tambiri tili m'madirowa a Natural History Museum ku London mpaka lero.

Zinthu zinayamba kusintha mochedwa. Mu 1965 David Gifford anatulutsa mndandanda wa agulugufe a m'Malawi kudzera ku Society of Malawi. Ndipo mu 2004 Brian Morris, amene ali mnyamata anagwirapo ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo, anatulutsa buku lotchedwa Insects and Human Life. Iye anachita zimene akale aja sanachite: anakhala pansi ndi anthu a m'midzi n'kuwafunsa mayina awo a tizilombo, timene amadya, timene amaopa, timene amapangira mankhwala. Buku lofotokoza nzeru za Amalawi, koma lili m'Chingerezi, ndipo ndi ochepa kuno amene analigwirapo.

Kubwera kwa paini

Mu 1924 boma la atsamunda linalengeza kuti Chongoni ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo mu 1926 linachita chimodzimodzi ndi Phiri la Dedza. Cholinga chinali kuteteza madzi ndi dothi, komanso kupeza matabwa. Mitengo yachilengedwe imakula mochedwa ndipo yambiri ndi yokhota, choncho a zankhalango anabweretsa paini wa mtundu wa Pinus patula, kwawo ku Mexico, amene amakonda malo okwera ndi ozizira. Ntchito yodzala inakula kwambiri nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Dedza inasanduka tauni ya matabwa, ndipo sukulu ya zankhalango imene lero ndi Malawi College of Forestry and Wildlife ili komweko ku Chongoni.

Paini anabweretsa ntchito, denga ndi mabenchi a m'sukulu. Zimenezo sitingakane. Koma kwa gulugufe wa matondo, munda wa paini ndi chipululu chobiriwira. Mbozi zambiri zimadya mitengo yochepa yokha imene matupi awo anaizolowera kwa zaka zikwizikwi, ndipo masamba a paini, onga singano ndi odzaza utomoni, sali pa mndandandawo. Pansi pa paini wothithikana pamagwa mphasa ya masamba ouma imene imawola mochedwa, ndipo zitsamba ndi maluwa zimamera pang'ono. Lamulo nalo linasintha zinthu: mayi wolowa m'phiri kukatola ndiwo, monga ankachitira amayi ake, tsopano ankayenera kuyang'ana uku ndi uku kuopa alonda.

Chilengedwe sichigona, komabe. Ku South Africa gulugufe wina wamkulu wa komweko anaphunzira kudya paini, mpaka anasanduka mdani wa minda ya mitengo. Ndipo mitengo yobwera imatsatiridwa ndi adani ake a kwawo. Chikumbu choboola bulugama cha ku Australia chinapezeka ku South Africa mu 1906 n'kuyamba kufalikira. Mu 1986 nsabwe za mitengo ya saipuresi zinaoneka koyamba mu Africa muno, ndipo malo ake anali Malawi. Zinaumitsa mitengo yambiri kuno zisanapitirire ku Tanzania ndi ku Kenya.

Kenako panabwera zaka zovuta. Nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira anthu oposa 1 miliyoni m'Malawi, ndipo Dedza ndi Ntcheu, pokhala m'malire, analandira ambiri. Anthuwo ankafunika nkhuni ndi milimo, monga munthu aliyense. Mtendere utabwera mu 1992 iwo anabwerera kwawo, koma nkhwangwa sinapume. Chiwerengero chathu chinakwera, Lilongwe anakula n'kumafuna makala ndi matabwa, ndipo moto wolusa unasanduka mlendo wa chaka ndi chaka. Aliyense wodutsa pa msewu wa M1 amaona yekha zipsera za phirilo.

Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa

Pamene tizilombo ta m'nkhalango tinkachepa mwakachetechete, tina tinkafika ndi phokoso. Mlimi wa ku Dedza anali kale ndi adani ake owadziwa. Kapuchi, uja amaboola phesi la chimanga, ndi mbozi ya gulugufe wa usiku wa konkuno, ndipo amakonda malo okwera ngati amenewa. Nankafumbwe wa m'nkhokwe ndi chikumbu. Mbatata ya kachewere, imene Dedza amatchuka nayo, ili ndi kagulugufe kakenso kamene mbozi zake zimaboola mbatatayo m'munda ndi mosungira. Ndi adani, koma anthu ankadziwa kulimbana nawo.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ku Tabora m'dziko la Tanzania kunaoneka kachikumbu kachilendo kochokera ku Central America. Alimi a kumeneko anakapatsa dzina loti Scania, poona mutu wake wonga lole. Mu 1991 kanapezeka ku Karonga, ndipo m'zaka zotsatira kanatsika dziko lonse. Ameneyu ndiye nankafumbwe wamkulu. Amaboola chimanga chili pachitsononkho, amaboola ngakhale nsungwi ndi mitengo ya nkhokwe, n'kusiya ufa wokhawokha. Nkhokwe ya panja ija, imene inali ulemu wa banja, inayamba kugonja. Anthu anayamba kutonola chimanga, kuthira mankhwala a Actellic ndi kusunga m'matumba m'nyumba. Kuba nako kunathandizira, inde, koma mukaona mudzi wopanda nkhokwe lero, dziwani kuti kachilombo kosafika theka la sentimita kali ndi mbali yake. Akatswiri anachita kukatenga chikumbu china ku Central America komweko, Teretrius nigrescens, chimene chimadya mphutsi za nankafumbweyu, n'kuchimwaza m'maiko a mu Africa.

Wachiwiri tonse tikumukumbukira. Kumayambiriro kwa 2016 mbozi ya ku America yotchedwa fall armyworm inapezeka ku West Africa. Chaka chisanathe bwino inali itafika kuno. Anthu anaipatsa dzina la mbale wake wakale, ntchemberezandonda, ngakhale khalidwe lake ndi lina: iyi imabisala mu mtima wa chimanga momwe mankhwala safika msanga. Make ndi kagulugufe kotuwa kosaoneka bwino, kotha kuuluka makilomita 100 usiku umodzi ndi kuikira mazira oposa 1,000. Mu Disembala 2017 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha mbozi imeneyi.

Taonani mmene zinatembenukira. Agogo athu akamva kuti kwagwa mbozi ankatenga lichero. Ife tikamva kuti kwagwa mbozi timathamangira sipuleya. Ndipo mankhwala sasankha: amapha mdani, amaphanso mavu ang'onoang'ono ndi zikumbu zimene zimadya mdaniyo.

Ntchito ya usiku

Kodi kadziwotche amadziotcheranji? Dzina limeneli timapatsa munthu wothamangira tsoka lake, ngati kuti kachilomboko n'kopusa. Kafukufuku amene anatuluka mu 2024, wojambula ndi makamera othamanga kwambiri, anaonetsa zina. Tizilombo touluka timadziwa kumene kuli kumwamba polozetsa msana kumene kukuwala. Kwa zaka mamiliyoni, kowala kunali kuthambo basi. Mukayatsa koloboyi kapena babu, kachilomboko kamalozetsa msana ku nyaliyo n'kumangozungulira, kosatha kuchokapo. Sikakonda moto ayi. Tasokoneza kampasi yake ndife.

Usiku m'nkhalango mumachitika zambiri. Maluwa oyera onunkhira madzulo amadikira agulugufe a milomo yaitali kuti awanyamulire mungu. Mu 1862 Charles Darwin ataona duwa lina la ku Madagascar lokhala ndi kapaipi kotalika pafupifupi masentimita 30, ananena kuti payenera kukhala gulugufe wa mlomo wotalika chomwecho. Alfred Russel Wallace analoza gulugufe wa ku Africa kuno, Xanthopan morganii, kuti wa ku Madagascar adzakhala wofanana naye. Anapezeka mu 1903. Mbale wake uja amauluka m'nkhalango za kuno kwathu. Agulugufe ambiri a usiku ali ndi timakutu tomva kulira kwa mileme, ndipo akamva amadzigwetsa pansi kuti apulumuke. Ziphaniphani zija ana amathamangitsa m'madambo nazonso ndi zikumbu, ndipo kuthwanima kwawo ndi chinenero chofunirana banja.

Nanga chikumbu chokunkhuniza ndowe, chija timachiseka? Mu 2013 akatswiri a ku Sweden ndi South Africa anaonetsa, poyesa m'nyumba yoonetsera nyenyezi ku Johannesburg, kuti mtundu wina umayenda molunjika usiku potsata Mlalang'amba. Ndipo dziko la Australia, litadzaza ndi ndowe za ng'ombe ndi ntchentche, linakhala zaka 20, kuyambira 1965 mpaka 1985, likuitanitsa zikumbu zotere, zambiri kuchokera kum'mwera kwa Africa. Anzathu analipira ndalama zambiri kuti apeze chimene ife timaponda popita kudambo.

Mayina akutha

Mbiri yonseyi ikaikidwa pamodzi ikuonetsa chinthu chimodzi. Kale munthu wa m'mphepete mwa phiri ankadziwa tizilombo tambirimbiri ndi mayina ake, mtengo wake ndi mwezi wake. Atsamunda anatenga tizilomboto n'kutipatsa mayina a Chilatini, mayina athu osawalemba. Lero mwana wa sekondale amadziwa nankafumbwe, kapuchi ndi ntchemberezandonda, kutanthauza adani okhaokha. Zotsalazo zonse ndi "chinthu", kapena "kachilombo", ndipo chikalowa m'nyumba chimakumana ndi patapata.

Dzina likatayika, pamatayika zambiri. Amene sadziwa matondo sadziwanso chifukwa chosiyira mtondo m'munda, kapena chifukwa chosayatsira tchire mu Okutobala. Ndipo sangazindikire kuti china chasowa, pakuti munthu sulira maliro a amene sunamudziwe. Magulu a anthu a ku Dedza amene akudzala mitengo m'phirimo akugwira ntchito yotamandika, ndipo funso loti adzale chiyani ndi lofunika kwambiri. Paini amapereka thabwa pa zaka 20 kapena 25. Chitsa cha mombo chikangotetezedwa ku moto ndi mbuzi chimaphukanso chokha, ndipo chimabweretsa mbozi, bowa ndi njuchi. Phiri likufuna zonse ziwiri, chilichonse pamalo pake.

Mbali ina ya ntchitoyi ili m'manja mwa inu amene mukuwerenga pa foni. Yanikani nsalu yoyera panja usiku wa mu Disembala, muunikepo tochi kwa ola limodzi, muone alendo amene abwere. Ajambuleni, kenako muzimitse kuti apitirize ulendo. Chithunzicho mukachiika pa iNaturalist, akatswiri a maiko ena angakuuzeni dzina la Chilatini. Koma musanatero, kaonetseni agogo. Afunseni kuti ichi amachitcha chiyani, mwana wake amadya mtengo uti, ankagwa mwezi uti, ndipo anasiya liti kuoneka. Lembani zimene anene, ndi dzina la mudzi, ndi chaka. Dzina la Chilatini lili m'dirowa ku London, silithawa. La Chichewa lili m'mutu mwa munthu wa zaka 80.